Mapasa ofanana nkhope, ubongo wake aliyense

Mayi, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti mapasa anu a zaka 9, ofanana nkhope mpaka achibale amawasokoneza, wina masamu amawamva msanga pomwe mnzake amatuluka nawo thukuta, koma nyimbo akangoimva kamodzi waigwira. Mwafunsanso ngati n'zoona zimene mwauzidwa, zoti mukawajambulitsa ubongo pa makina a MRI mudziwa amene ali ndi nzeru zambiri. Ndiyamba ndi funso loyambalo, chifukwa yankho la lachiwiri lagona momwemo.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza uthenga pafupifupi 86 biliyoni. Selo limodzi limatha kugwirana ndi anzake masauzande, ndipo zigawo zotalikirana, monga cha pamphumi ndi cha kunkhongo, zimalankhulana kudzera m'mitolo ya timitsempha titalititali tokutidwa ndi mafuta oyera otchedwa myelin. Mafutawa ndi amene amathamangitsa uthenga. Mtolo waukulu kuposa yonse, wolumikiza mbali yakumanzere ndi yakumanja, uli ndi timitsempha pafupifupi 200 miliyoni. Tsono DNA ya mwana, yomwe ndi malangizo a chibadwa ochokera kwa makolo, siingathe kulozera kamtsempha kalikonse pamene kakathere. Imangoika malamulo a kakulidwe, zotsalazo zimawumbika mwana ali m'mimba ndiponso pa zonse zimene akuona, akumva ndi kuchita atabadwa. N'chifukwa chake mapasa ochokera ku dzira limodzi amakhala ndi zidindo za zala zosiyana, ndipo ngakhale makwinya a ubongo wawo sagwa chimodzimodzi. Amafanana kuposa abale wamba, zimenezo n'zoona, koma ubongo wa wina si chithunzi cha wa mnzake.

Kusiyanaku anakuyeza ndithu. Munthu akagona phee m'makina a MRI, makinawo amatha kutsata mmene magazi onyamula mpweya wabwino akukwerera ndi kutsika m'chigawo chilichonse cha ubongo. Zigawo zimene zimakwera ndi kutsika pamodzi timati zikugwira ntchito limodzi. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Yale ku America, mmodzi wa iwo Emily Finn, anatenga zithunzi za anthu 126 ojambulidwa pa ntchito yaikulu yotchedwa Human Connectome Project. Ubongo uliwonse anaugawa m'zigawo 268, n'kulemba mmene chigawo chilichonse chikuyenderana ndi zinzake zonse. Kenako anapatsa kompyuta zimene anajambula tsiku lina kuti ipeze mwini wake pakati pa zojambula za tsiku linanso. Inalondola pa anthu oposa 90 mwa 100 alionse, popanda dzina kapena nkhope.

Chimene chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi malo amene kusiyanako kunachuluka. Zigawo zoonera ndi zoyendetsa manja ndi miyendo n'zolumikizidwa mofananako mwa tonsefe. Pamene timasiyana kwambiri ndi pa kulumikizana kwa zigawo za pamphumi ndi za pamwamba chakumbuyo kwa mutu, zomwe timagwiritsa ntchito poika maganizo pa chinthu chimodzi, posunga manambala m'mutu tikuwerengera, pokonza chochita ndi podziletsa. Ndiye kuti malo amene amatisiyanitsa kwambiri ndi omwewo amene amakhwima mochedwa. Mwana wamng'ono amapanga malumikizidwe ochuluka kuposa amene adzawafune, ndipo ubongo umadulira osagwira ntchito n'kulimbitsa ogwira ntchito, monga mmene kanjira kodutsidwa tsiku ndi tsiku kamakulira pomwe kosiyidwa kamamera udzu. Kumphumi ntchito imeneyi imapitirira mpaka munthu atadutsa zaka 20. Ana anu ali ndi zaka 9, Mayi. Ntchito ikadali pakati.

Ndipo siithera pa ubwana. Ku London woyendetsa takisi sapatsidwa chilolezo asanaloweze misewu pafupifupi 25,000, maphunziro otenga zaka zitatu kapena zinayi. Eleanor Maguire wa ku University College London anapeza mu 2000 kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus, kachigawo kothandiza kukumbukira malo, inali yaikulu mwa madalaivalawa kuposa mwa anthu ena. Anthu anafunsa kuti mwina anabadwa choncho. Mu 2011 iye ndi mnzake anatulutsa zotsatira za ophunzira amene anawajambula asanayambe ndiponso atamaliza: amene anakhoza mayeso kachigawoko kanakula, amene analephera kapena kusiyira panjira sikanasinthe. Ku Oxford nako, mu 2009, akuluakulu anaphunzitsidwa kuponya ndi kuwakha mipira itatu m'mwamba kwa milungu 6 yokha, ndipo mitolo ya timitsempha yokhudza kugwirizana kwa maso ndi manja inaoneka kuti yasintha. Anthu amene anachita khungu ali aang'ono, powerenga zilembo za Braille ndi zala, chigawo choonera cha kunkhongo chija chimagwira nawo ntchito. Ubongo sulola malo kukhala chabe.

Tsopano za kujambulitsa. Musapite nawo pa chifukwa chimenecho. Kudziwa kuti ubongo uwu ndi wa uje n'kosavuta, koma kuwerengamo nzeru za ujeyo ndi nkhani ina. N'zoona kuti mukasonkhanitsa anthu ambiri, kalumikizidwe ka ubongo kamayenderana pang'ono ndi mmene amakhozera mayeso oyeza kaganizidwe, ndipo a ku Yale aja anaziona. Koma mu 2022 Scott Marek ndi anzake, atasanthula zithunzi za anthu pafupifupi 50,000, anasonyeza kuti mgwirizanowo ndi wochepa kwambiri moti pamafunika anthu masauzande kuti uoneke modalirika, pomwe kafukufuku wambiri wakale ankayeza anthu ngati 25 okha. Chinthu chovuta kuchiona mwa anthu masauzande simungachione mwa mwana mmodzi. MRI ndi chida chamtengo wapatali dokotala akamakayikira chotupa, kuvulala m'mutu kapena gwero la khunyu. Aliyense wokuuzani kuti ikusonyezani tsogolo la mwana pasukulu akukulonjezani zimene sayansi siinafikepo.

Ndaonanso wina wakuyankhani kuti mmodzi mwa mapasawa ndi "wa ubongo wakumanzere" ndipo mnzake "wakumanja". Ntchito zina zimapendekeradi mbali imodzi, monga chilankhulo chimene mwa anthu ambiri chimatsamira kumanzere. Koma ofufuza a ku Utah mu 2013 anaona zithunzi za anthu oposa 1,000 ndipo sanapeze anthu odalira mbali imodzi ya ubongo wonse. Masamu ndi nyimbo zonse zimayenda mbali ziwiri.

Nkhawa yanga ine ili pa mayina amene ana otere amapatsidwa, pakhomo kapena m'kalasi. Mwana akamamva kawirikawiri kuti "uyu masamu si ake", amayamba kuwazemba, ndipo njira zimene zikanalimba pochita masamuwo zimatsala zosadutsidwa. Mnzake amene akuyamikiridwa amachita ambiri, n'kumalimbirabe. Kusiyana kumene kunali kochepa poyamba kumakula m'manja mwathu momwe, kenako timati ndi chibadwa. Pa mapasa zimenezi zimafulumira, chifukwa anthu amawayerekeza tsiku lililonse.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kumuyezetsa maso ndi makutu mwana amene masamu akumuvutayo, n'kuonetsetsa kuti akugona mokwanira. Mukaona kuti akuiwala zimene ankadziwa kale, akumangoti duu kwa kanthawi osayankha, kapena akudandaula mutu kawirikawiri, pamenepo pitani kuchipatala msanga. Ngati zonsezi palibe, khalani naye pansi muone pamene penipeni akukodwa. Kodi amalephera kuona msanga kuti 8 ndi wamkulu kuposa 5? Kapena manambala amawadziwa koma amataya njira samu ikakhala ya masitepe angapo? Kapena amavutika samu ikabwera ngati nkhani yoti awerenge? Choyambacho chikhoza kukhala vuto lodziwika lotchedwa dyscalculia, chachiwiri chimakhudza kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi, chachitatu kawirikawiri ndi vuto la kuwerenga lobisala m'masamu. Chilichonse chili ndi kathandizidwe kake. Mukaona chimene chikumuvuta mwa zitatuzi, dzatiuzeni pano komanso kauzeni aphunzitsi ake.