Mawu a mu propozo akukuzunguzani mutu? Tiyambire pa mjigo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mlembi wa CBO (bungwe la anthu a m'mudzi) ina ku Ntcheu. Akuti aona call for proposals, chilengezo choitana mabungwe kuti atumize propozo (chikalata chopemphera ndalama za ntchito inayake), akufuna ndalama zokumbira mjigo, koma fomu yake yadzaza ndi mawu ngati output, outcome, indicator mpaka mutu wawo waima. Afunsanso ngati propozo ya kafukufuku imene mwana wawo akulemba ku yunivesite ndi chimodzimodzi ndi yawoyi.

Mayi, zikomo pondilembera. Grant ndi ndalama yosabweza inde, koma mumasainira kuti igwira ntchito yakutiyakuti basi, ndipo ma risiti onse adzawafuna, ngakhale a misomali. Madona ambiri, mabungwe opereka ndalamawo, amayamba apempha concept note, kachikalata ka masamba awiri atatu, akakhutira m'pamene amati lembani yonse.

Pamene ambiri timagwera ndi pa problem statement, gawo lofotokoza vuto limene mukufuna kuthetsa. Timalemba kuti vuto lathu n'loti tilibe mjigo. Mjigowo ndi yankho lanu mayi, vuto ndi lija mumaliona tsiku ndi tsiku, amayi kudzuka 4 koloko m'bandakucha ndi zidebe kupita kudambo komwe ng'ombe zimamweranso, ana kutsegula m'mimba dzinja lililonse, atsikana kufika kusukulu belu litalira kalekale. Ndiye musangolemba kuti "anthu ambiri akuvutika", pitani kwa HSA, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, iye amadziwa nyumba zilipo zingati komanso ana angati anadwala, lembani manambala amenewo. Ndi omwe amatchedwa baseline, kutanthauza mmene zinthu zilili ntchito isanayambe.

Tsopano mawu aja. Kukumba, kuika pampu, kuphunzitsa komiti, amenewo ndi ma activity. Mjigo ukaima madzi n'kumatuluka, imeneyo ndi output, chinthu choti mutha kuchiloza ndi chala. Outcome ndi kusintha kwa anthu, kuti asiya kutunga kudambo ndipo matenda otsegula m'mimba achepa. Apa ndi pamene pali mtima wa propozo yonse, chifukwa mjigo utha kukumbidwa bwinobwino anthu n'kumapitabe kudambo poti madzi ake ndi amchere kapena unaikidwa kutali. Impact kapena goal ndi zija zakutali, moyo wabwino m'mudzi, zimene simungazikwanitse nokha. Indicator ndi muyezo chabe, monga nyumba zingati zikumwa madzi a pa mjigo pakatha chaka. Zonsezi zikaikidwa mu tebulo limodzi ndiye amati logframe, musaiope.

Pa bajeti ndikupempheni, pitani mukatenge ma kotesheni enieni osangoganizira mitengo. Ife tinapsapo. Tinalemba bajeti yathu m'makwacha, tili mkati modikira yankho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ikufika simenti inali itakwera kale, tinachita kudula ntchito zina ndipo zinandiwawa kwambiri kukafotokozera anthu amene tinawalonjeza. Funsani ngati amalola contingency, kandalama ka zadzidzidzi. Ndipo chilichonse chili mu bajeti chioneke mu ma activity, musaike njinga yamoto imene simunaitchule pena paliponse.

Adzakufunsaninso za sustainability. Akufuna kudziwa kuti pampu ya mjigo ya mtundu wa Afridev marabala ake akatha adzagule ndani iwo atapita. Lembani za komiti ya mjigo, ndalama imene nyumba iliyonse izisonkha pamwezi, ndi mekaniki amene ali pafupi.

Za mwana wanu, yake ndi yosiyanako. Inu mukufuna kuthetsa vuto, iye akufuna kuyankha funso, ndiye amayamba ndi research question, kenako literature review kuonetsa zimene ena anapeza kale ndi mpata umene watsala, kenako methodology, kuti adzafunsa ndani, angati, awasankha bwanji. Ngati kafukufukuyo akukhudza anthu asayambe asanalandire chilolezo cha ethics, chotsimikiza kuti kafukufukuyo ateteza anthu ofunsidwawo. Za umoyo zimadutsa ku makomiti ounika kafukufuku, NHSRC ya boma kapena COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo NCST, bungwe la boma loona za sayansi, ndi imene imayang'anira za kafukufuku m'dziko muno. Amene akufunsidwa nawonso ayenera kuvomera okha atauzidwa bwino cholinga chake. Muuzeni apemphe chilolezocho msanga chifukwa sichituluka tsiku limodzi.

Inu mayi muonenso pa call ija ngati akufuna setifiketi ya bungwe lanu, akaunti ya ku banki ndi kalata yochokera ku khonsolo, muyambe kuzisaka mawa lomwe.