Kukaphunzitsa zosoka kwa amayi othawa nkhanza, nkutaya nthawi kodi?

Funso lafika kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Anamaliza kosi ya utelala, ntchito sanaipeze, nde anthu a pamalo ena osungirako amayi othawa nkhanza m'banja amupempha kuti azikawaphunzitsa kusoka komanso kusandutsa zovala zakale kukhala zinthu zogulitsa. Malipiro palibe, ya thiransipoti yokha. Mayi ake akuti nkutaya nthawi, bola akakhale pakhonde la sitolo mtauni ndi makina ake azipezako ya sopo.

Achemwali, pitani, koma masiku awiri pa sabata basi, enawo muzisoka zanu chifukwa mayi sakunama, sopo amafunikadi.

Chimene ndikufuna mumvetse musanayambe nchakuti amayi amenewa sakhalitsa. Wina akhala sabata ziwiri, wina miyezi itatu, wina mungopeza wapita kwa abale ake ku Rumphi osatsanzika nkomwe, ndipo ambiri akuchoka opanda makina. Nde mukatenga silabasi ya ku koleji ija nkuyamba ndi kujambula mapatani mwezi wathunthu, mayi achoka asanasoke kanthu. Phunziro lililonse lizitha tsiku lomwelo, munthu azituluka atanyamula chinthu chimene wasoka yekha. Yambani ndi singano ya pamanja, kuika batani, kupinda buluku, kulowetsa lasitiki, kuika chigamba mwaukhondo, kenako kusintha zipi ndi kuchepetsa m'chiuno. Ena amazidelera izi ati si utelala weniweni, koma Mzuzu yense amavala kaunjika ndipo kaunjika sakwana munthu bwinobwino, nde wodziwa kuchepetsa ndi kusintha zipi sasowa makasitomala kaya ali ku Zolozolo kaya ku Mchengautuwa.

Tengani jinzi yong'ambika m'mawondo ija palibe akuifuna. Mukadula miyendo nkusoka pansi, kumtundako kwasanduka chikwama, matumba akumbuyo alipo kale oikamo foni, miyendo ija mudulemo zingwe zokolekera paphewa, yotsalayo ikhale kachikwama ka mapensulo ka mwana wa sukulu. Singano ikhale nambala 16 kapena 18, ya 14 imathyoka pa jinzi, ndipo pamene misoko yakumana pokhuthala paja muyambe mwapamenya ndi hamala kuti paphwe makina adutse bwino. Shati yaikulu ya abambo imatulutsa diresi la mwana ndipo ubwino wake mabatani ndi mabowo ake alipo kale, wophunzira wa tsiku lachitatu savutika nazo. Majuzi akutha musataye, kuno June ndi July kumazizira zedi, mumatuluka zipewa za ana, kungoti musoke kaye mzere musanadule apo ayi ulusi wonse umasomoka. Zidutswa za zitenje kapempheni kwa matelala a kufupi ndi Taifa Market, ambiri amangozisesa, ndipo ku Zigwagwa kaunjika wotsalira pansi pa belo amatsika mtengo kukamada. Zonsezi zichapidwe ndi kusitidwa musanaikepo sizasi.

Makina akhale opalasa ndi miyendo, ma Singer kapena Butterfly aja, magetsi akathima phunziro lisaime. Ndipo aliyense adziwe kuthira oyilo, kukulunga bobini, kumangitsa lamba ndi kukonza ulusi ukamapanga mfundo pansi pa nsalu, chifukwa tsiku limene adzabwereke makina kwa neba inuyo simudzakhalapo.

Za mitengo musazisiye. Amayi ambiri amasoka bwino koma amatchaja mwamanyazi, nde khalani nawo pansi ndi kope muwerengere limodzi zipi, ulusi, makala a simbi ndi nthawi imene yapita, kenako phindu. Ndalama izilowa pa Mpamba kapena Airtel Money ya mayi mwini wake, pa nambala imene PIN yake akuidziwa yekha, pakuti ambiri mwa iwo nkhanza zina zinali zomwezo zolandidwa ndalama. Amene akufuna makina ake alowe banki mkhonde akatuluka.

Tsopano ichi ndikuchinena motsindika. Musajambule nkhope ya munthu aliyense, musaike pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp chilichonse choonetsa geti, mpanda kapena msewu wa pamalopo, ngakhale kuuza anzanu kuti lero ndinaona mayi uje. Mzuzu ndi waung'ono, chithunzi chimodzi chikhoza kufikitsa mwamuna amene akuthawidwayo pakhomo. Jambulani chikwamacho chili pa tebulo basi. Musafunse kuti chinachitika nchani, inu mwabwera ndi ulusi, koma wina akayamba yekha kukamba uku akusoka mumvereni mpaka amalize, kenako mumulumikize ndi wogwira ntchito za chisamaliro pamalopo. Za malamulo zili ndi eni ake, kuli Victim Support Unit ku polisi, kuli nambala yaulere ya 5600, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Masizasi ndi malezala muziwerenga poyamba ndi pomaliza, mapini asagwere pansi chifukwa ana amakwawa pomwepo. Wina akalakwitsa msoko musakweze mawu, wakalipiridwa kokwanira kumene wachokera, mungomupatsa chomasulira ayambirenso. Ngati Chitumbuka chanu nchochepa, pezani mmodzi mwa iwo azikuthandizani kufotokoza.

Ndibwere kwa inu mayi ake a mtsikanayu. Nkhawa yanu ndaimva, munalipira fizi movutikira ndipo mukufuna kuona phindu. Koma matelala mtauni muno ndi ambiri, amene angathe kuimirira kutsogolo nkuphunzitsa ena ndi ochepa, ndipo makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, mipingo ndi mabungwe akamafuna mlangizi wa zosoka amafunsa kuti unaphunzitsapo kuti. Mwana wanuyu adzakhala ndi poloza. Azilemba m'kope zimene waphunzitsa tsiku lililonse, azisunga zithunzi za zinthu zosokedwazo, ndipo pomaliza apemphe kalata ya umboni yokhala ndi chidindo. Apitenso ku ofesi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, konkuno ku Mzuzu akafunse za kukweza satifiketi yake, komanso za njira yawo yoyesera anthu amene anaphunzira luso kunja kwa kalasi, chifukwa mwa amayi aja mudzapezeka wina wa dzanja labwino woyenera pepala.

Achemwali, musanayambe gwirizanani ndi oyang'anira malowo polemba papepala: miyezi itatu kaye, masiku ake ati, thiransipoti izibwera liti, ulusi ndi singano agula ndani, ndipo chikwama chikagulitsidwa ndalama ipita kwa mayi amene wasokayo, osati m'thumba la ofesi.