Funsani Amisiri: Bandsaw ya ndalama zochepa

Funso: Loweruka lililonse ndimapanga timipando, mathireyi ndi zidole za ana kuseri kwa nyumba. Sowo yamanja yanditopetsa, makamaka podula zokhotakhota. Ndaona bandsaw yatsopano ya mainchi 9, komanso wina akugulitsa yakale ya mainchi 14 pa mtengo wosasiyana kwambiri. Ndigule iti? *Bambo wa ku Katoto*

Yankho: Bambo, bandsaw ndi makina odulira matabwa amene sowo yake, yotchedwa blade, ndi lamba wachitsulo wa mano wozungulira pa mawilo awiri. Musanatulutse ndalama yezani thabwa lokhuthala kwambiri limene mumadula. Mainchi amene ogulitsa amatchula aja amanena kukula kwa mawilo, osati kukhuthala kwa thabwa limene makinawo angadule. Chofunika kufunsa ndi mpata wochoka pa tebulo kufika pa zogwira blade zam'mwamba zikakwezedwa mpaka pothera. Ya mainchi 9 nthawi zambiri imalekera pa mamilimita 80 kapena 90, ndipo mota yake imakhala ya mawati 250 mpaka 350. Ya mainchi 14 imafika pa mamilimita 150, mota yake mawati 550 mpaka 750.

Ngati ntchito yanu ndi ya paini wa ku Chikangawa ndi pulayiwudi, yaing'onoyo ikukwanirani. Koma mukaipatsa mlombwa, mbawa kapena bulugamu wouma wokhuthala kupitirira mamilimita 50, imayamba kubuula, blade n'kumapindikira mkati mwa thabwa. Ife tingatenge yakaleyo, pokhapokha ikapambana mayeso awa.

Yambani ndi kachitsulo kolembedwa kamene kali pa mota. Makina ambiri akale ochokera m'mashopu akuluakulu, ngati a ku Luwinga, amakhala a three phase, magetsi a m'mafakitale, olembedwa 380V kapena 400V, ndipo pa soketi ya m'nyumba sangadzuke. Inu mukufuna olembedwa 220V mpaka 240V, 50Hz. Kenaka zulani pulagi, tsekulani zitseko, muzunguze wilo lam'mwamba ndi dzanja. Labala wokuta mawilo asakhale wong'aluka kapena womatuka. Gwirani wilo mbali zonse ziwiri muligwedeze. Likamasewera kapena kukhulukuta, ma bearing atha, koma zimenezi sizodula kukonza. Choopsa chili kunsi kwa tebulo. Suzumirani pa zitsulo zimene zimanyamula tebulo ndi kulipendeketsa, chifukwa anthu amakonda kunyamula makinawa pogwira tebulolo ndipo zitsulozo zimasweka. Mukaona mng'alu kapena powotcherera, zisiyeni. Pomaliza ikani kapu ya madzi pa tebulo, muyatse makina. Madzi akamangonjenjemera pang'ono zili bwino, koma kapu ikayamba kuyenda yokha, mwina wilo ndi lopindika. Pitani ndi thabwa lanu, mudule nokha, wogulitsa asakusankhireni kathabwa kofewa.

Tsono nkhani yaikulu ndi blade, ndipo apa ndi pamene ambiri amalirira. Blade imabuntha, imaduka, ndipo makina opanda blade yosinthira amangodya malo m'nyumba. Ya mainchi 14 yambiri imavala blade yotalika mamilimita 2375, yomwe siyovuta kuitanitsa. Ting'onoting'onoti tilibe muyeso umodzi: ina 1400, ina 1511, ina 1575. Vulani blade, ikani chizindikiro cha choko pa iyo ndi pa simenti, muigubuduze mpaka chizindikirocho chitagundanso pansi, muyeze ndi tepi. Musalipire musanadziwe kumene mudzapeze muyeso umenewo. Blade yoduka musapite nayo kwa wowotcherera mageti ndi mafelemu; imafuna makina ake olumikizira, apo ayi polumikizapo pamauma n'kuthyokanso pongozungulira kangapo.

Patulani ndalama za ma blade awiri tsiku lomwelo. Ya mamilimita 6 m'lifupi, ya mano 6 pa inchi, ndi yodulira zokhotakhota za zidole zanu. Ya mamilimita 12, ya mano 3 kapena 4 pa inchi, ndi yong'ambira mowongoka. Pa makina aang'ono musapitirire pamenepo, chifukwa sipuling'i yake ilibe mphamvu yokunga blade yotambalala.

Funso: Mchimwene wanga ali ku America ndipo akuti anditumizire bandsaw. Kodi idzagwira ntchito kuno? Nanga pa jenereta? *Mayi wa ku Chiputula*

Yankho: Mayi, muwathokoze achimwene anuwo koma muwapemphe atumize ndalama kapena ma blade. Magetsi a ku America ndi 120V, 60Hz, pomwe athu ndi 230V, 50Hz. Mukalumikiza mwachindunji mota ipsa nthawi yomweyo. Thiransifoma imatsitsa mphamvu ya magetsi koma sisintha ma Hz, choncho mota imazungulira pang'onopang'ono kuposa mmene inapangidwira ndipo imatentha msanga. Kuphatikiza mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA, phindu lake palibe. Makina ochokera ku Johannesburg kapena Dar es Salaam amagwirizana ndi magetsi athu. A ku South Africa mumangosintha pulagi ya mapini obulungira ija n'kuika ya mapini a makona anayi.

Podzuka, mota imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda. Ya mawati 750 ipatseni jenereta yosachepera 2.5kVA. Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, zimitsani msanga: mwina magetsi afooka, mwina waya wolumikizira watalikitsa ndiponso ndi wowonda, mwina capacitor, kachipangizo kothandiza mota kudzuka, yafa. Onaninso switchi. Makina ambiri atsopano ali ndi mabatani awiri, obiriwira ndi ofiira, ndipo magetsi akathima sadzukanso okha akabwera. Akale ambiri alibe zimenezi. Magetsi atha kubwera inu mukuchotsa utuchi pafupi ndi mano. Ngati switchi ndi yachikale, isintheni musanayambe ntchito.

Funso: Bandsaw yanga sikutsata mzere, imathawira kumanzere, ndipo nthawi zina thabwa limafuka utsi. Ndiigulitse? *Wowerenga wa ku Mchengautuba*

Yankho: Musaigulitse, achimwene, vuto lotere kawirikawiri limakhala la blade. Mano a blade amapindidwa mosinthana, lina kumanja lina kumanzere. Mbali imodzi ikakhula msomali kapena mchenga wa pa thabwa, imabuntha, ndipo blade imathawira kumbali yakuthwa. Utsiwo ndi wa mano obuntha kapena ochulukitsa. Paini wosauma ali ndi utomoni umene umatseka mipata ya mano, utuchi n'kusowa potulukira. Vulani blade, muipukute ndi palafini ndi kaburashi, mupalenso utomoni umene wakakamira pa labala wa mawilo.

Poibwezera, kwezani zogwira zam'mwamba mpaka pothera, muikunge kufikira poti mukaikankha ndi chala pambali isunthe mamilimita 5 kapena 6 basi. Zunguzani wilo ndi dzanja muone ngati ikuyenda pakati pa labala. Zogwira za m'mbali zikhale kumbuyo kwa mano, mpata wake wongokwana pepala, ndipo bearing yakumbuyo isazungulire mpaka thabwa litayamba kukankha. Anthu amaiwala kuti kunsi kwa tebulo kulinso zogwira zina zofuna kukonza chimodzimodzi. Podula, tsitsani zam'mwambazo zikhale mamilimita 5 pamwamba pa thabwa, ndipo chakumapeto muzikankha ndi kamtengo, osati zala.

Mukaweruka masulani blade pang'ono kuti labala asaphwatalale. Chinyezi cha kuno ku Mzuzu sichichedwa kugwiritsa tebulo dzimbiri, ndiye muzilipaka polishi wa pansi n'kupukuta mpaka liume, osati oyilo, chifukwa oyilo amadetsa matabwa ndipo vanishi sagwira pamene wakhudza.