Foni ndi ya kampani, nanga nkhani zodutsamo ndi za yani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wapempha kuti dzina lake lisaoneke. Amagwira ntchito yoyankha makasitomala pafoni. Kalata yake ndi yaitali, koma nkhani yake ndi iyi: tsiku lina nthawi yopuma masana, mkulu wake wobadwa naye anamuimbira pa foni ya pa desiki, ndipo anakambirana za matenda a amayi awo komanso za ntchito ina imene mayiyu anakafunsira. Patangopita masiku awiri bwana anamuitana n'kumufunsa akumwetulira kuti, "Ndiye ndamva kuti mukufuna kutithawa?" Iye akuti sanauzeko munthu aliyense pa ofesipo. Funso lake ndi lakuti, "Kodi amaloledwa kumvetsera foni zanga? Nanga ndichitenji?"

Mayi, choyamba pepani ndi matenda a amayiwo, Mulungu awakhudze. Tsopano tiyeni ku nkhani yanu, ndipo ndiyamba ndi mbali imene simuikonda.

Foni ya pa desikiyo ndi ya kampani, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limalola olemba ntchito kumvetsera kapena kujambula foni za ntchito. Sikuti nthawi zonse amatero chifukwa cha nkhanza ayi. Kasitomala akadzakana zimene ananena, mawu ojambulidwa ndiwo amathetsa makani. Ogwira ntchito atsopano amaphunzitsidwa pomvetsera anzawo. Ena lamulo limachita kuwakakamiza: kuyambira mu 2018, makampani ogulitsa masheya ku Ulaya amayenera kujambula foni zokhudza malonda a makasitomala n'kuzisunga zaka zisanu, potsatira lamulo lotchedwa MiFID II. Choncho pa ntchito ngati yanuyo, zoti pali makina ojambula mawu zisakudabwitseni.

Koma kukhala mwini foni si kukhala mwini nkhani zonse zodutsamo. Apa ndiye pagona nkhani yanu.

Nditawerenga imelo yanu ndinakumbukira mlandu wa ku America umene umafanana ndi wanu ngati mapasa, wa Watkins ndi kampani ya L.M. Berry, umene bwalo la apilo linagamula mu 1983. Mayi Watkins ankagulitsa malo otsatsira malonda pafoni. Kampani inali itawauza antchito ake kuti foni za malonda zimamvetseredwa, koma zaumwini sizimvetseredwa kupatula kamphindi kongofuna kudziwa kuti foniyo ndi ya mtundu wanji. Tsiku lina masana mnzake anamuimbira n'kumufunsa kuti mayeso a ntchito ku kampani ina anayenda bwanji. Woyang'anira wake anali pa mzere, phee, akumvetsera. Madzulo a tsiku lomwelo mayi Watkins anaitanidwa mu ofesi. Kampani inadziteteza kuti wantchito akafuna kuchoka, nkhaniyo imaikhudza, ndiye inali nkhani ya ntchito. Oweruza anakana. Anati bwana akhoza kukhala ndi chidwi chofuna kudziwa mapulani a wantchito wake, koma chidwicho sichimupatsa ufulu womvetsera. Akangozindikira kuti foniyi ndi yaumwini, ayenera kusiya kumvetsera pomwepo.

Mfundo imeneyi ndimaikonda chifukwa ndi yachilungamo mbali zonse. Ngati bwana akuda nkhawa kuti mukuthera nthawi ya ntchito pocheza ndi abale, zimene akufunika kudziwa ndi zoti foniyo si ya ntchito ndi zoti yatenga mphindi zingati. Dzina la matenda a amayi anu siliwonjezera kanthu pa nkhawa imeneyo.

Mabwana ambiri amathawira ku mawu akuti "tinakuuzani kale". Nawonso ali ndi malire. Mu 1992, bwalo lina la apilo ku America linaweruza mlandu wa Deal ndi Spears. Banja lina la sitolo ya mowa ku Arkansas linaberedwa madola pafupifupi 16,000 ndipo linkakayikira wantchito wawo. Anaika makina pa foni mobisa n'kujambula maola 22 a zokambirana, zambiri zachikondi zosakhudzana n'komwe ndi kubako, ndipo anamvetsera zonse. Pa mlandu anati mayiyo anamuchenjezapo kuti mwina adzayamba kumvetsera foni. Bwalo linati kuuza munthu kuti "mwina tidzatero" si kumuuza kuti mukutero, ndipo iye kudziwa kuti n'zotheka si kuvomera. Banjalo linalamulidwa kulipira madola 40,000. Onani kuti chifukwa chokayikira anali nacho ndithu, ndalama zinabedwadi. Chinawagwetsa ndi kupyola muyezo.

Ku Ulaya nkhaniyi imaweruzidwa ngati ya ufulu wachibadwidwe, pansi pa gawo 8 la pangano la kumeneko loteteza moyo wa munthu wamseri ndi makalata ake. Mu 1997 bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe, la ku Strasbourg, linagamula mokomera Alison Halford, mkulu wa apolisi ku Merseyside ku England, amene foni zake za mu ofesi zinkamvetseredwa pa nthawi imene ankazenga mlandu mabwana ake wa tsankho kwa akazi. Panalibe amene anamuchenjeza, ndipo anapatsidwa mapaundi 10,000. Patapita zaka khumi, pa mlandu wa Copland wa ku koleji ina ku Wales, bwalo lomwelo linapita patsogolo. Kumeneko sanamvetsere mawu ayi. Pa za foni ankangofufuza mabilu, kuona manambala amene mayiyo ankaimbira, tsiku, nthawi ndi kutalika kwake. Bwalo linati zimenezonso ndi mbali ya zachinsinsi za munthu. Ndipo n'zoona: munthu akaona kuti mwaimbira nambala ya chipatala kasanu sabata imodzi, safunikanso kumva mawu anu.

Wotsiriza ndi wa Bărbulescu wa ku Romania, wa mu 2017. Uyu si wa foni koma wa mauthenga a pa Yahoo Messenger, ndipo kampani yake inali italetseratu kugwiritsa ntchito zipangizo zake pa zaumwini. Iye anaphwanyadi lamulolo. Anamuonetsa masamba 45 a mauthenga ake, ena olembera mchimwene wake ndi chibwenzi chake, n'kumuchotsa ntchito. Komabe bwalo linati malamulo a kampani sangafafanizire kotheratu moyo wamseri wa munthu pa ntchito. Linati pafunsidwe ngati wantchito anauzidwa zisanayambike, ngati anauzidwa kuti afika pati, ngati panali chifukwa chomveka, ndiponso ngati panalibe njira ina yosalowerera kwambiri.

Milandu yonseyi ndi ya mayiko ake, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndiye musakalowe mu ofesi ya bwana mutanyamula dzina la Watkins ngati chibonga. Ndaitchula chifukwa mafunso ake ndi amene loya aliyense angayambe kukufunsani: munauzidwa? Munauzidwa chiyani kwenikweni? Atadziwa kuti ndi mkulu wanu, anapitiriza kumvetsera? Zimene anamvazo anachita nazo chiyani?

Pali munthu mmodzi amene anthu amamuiwala pa nkhani ngati izi, ndiye mkulu wanuyo. Inu mwina munasaina pepala tsiku lolembedwa ntchito, limene ambirife timasaina osawerenga chifukwa cha chimwemwe. Iye sanasaine kanthu. Anangoimbira mng'ono wake. M'madera ena, monga ku California, lamulo limafuna kuti onse amene ali pafoni avomere asanajambulidwe, ndipo n'chifukwa chake makampani ambiri amaika kauthenga koyambirira kaja kakuti foniyi ikhoza kujambulidwa.

Ndikutsineni khutu pa chinthu chimodzi musanakwiye kopitirira. Simunatsimikize kuti bwanayo anamva kudzera pa makina. Mu ofesi yokhala anthu ambiri, munthu akamalankhula za matenda mawu amakwera osadziwa. Wa pa desiki yoyandikana akhoza kukhala chete ngati akulemba, khutu lili kwa inu, madzulo n'kukapereka lipoti. Imeneyo ndi miseche, ndipo ngakhale imapweteka, lamulo loletsa kumvetsera foni siligwirapo. Mukamuneneza bwana kuti akutchera foni koma zitapezeka kuti anauzidwa ndi mnzanu, mwadziwotcha nokha.

Ndiye yambani ndi mapepala. Pezani kontrakiti yanu ndi buku la malamulo a kampani, muone zimene analemba pa za foni. Lembani penapake tsiku ndi nthawi ya foni ija, tsiku limene bwana anakuitanani, ndi mawu ake ndendende mmene anawanenera, mukadakumbukira. Kenako lemberani ofesi yoona za antchito, mwaulemu, ngati munthu wongofuna kudziwa: kodi foni za pa desiki zimajambulidwa? Nthawi yopuma nayonso? Amene amamvetsera ndani, ndipo zimasungidwa nthawi yaitali bwanji? Musatchulemo bwana wanu. Yankho lolembedwa ndi limene mudzapite nalo kwa a bungwe la ogwira ntchito, ku ofesi ya zantchito kapena kwa loya ngati zinthu zitaipa. Kumene kumagwira lamulo la ku Ulaya loteteza zachinsinsi za anthu lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, munthu angathenso kupempha kuti aone zonse zimene kampani yasunga zokhudza iye, kuphatikizapo mawu ojambulidwa, ndipo amayenera kuyankhidwa pasanathe mwezi. Chimene sindikulangizani ndi kubwezera pomujambula bwanayo mobisa, chifukwa m'madera ena mlanduwo umatembenukira inu.

Munafunsanso za foni yanu ya m'manja. Imeneyo ndi nkhani ina. Kampani ikhoza kukuletsani kuigwiritsa ntchito nthawi ya ntchito, koma kuikamo pulogalamu yokuzondani inu osadziwa ndi mlandu m'mayiko ambiri. Mukalumikiza pa Wi-Fi ya ofesi, a zamakompyuta amatha kuona kuti mwalowa pa WhatsApp ndi nthawi yake, koma mawu ake sangawamve chifukwa amayenda obisika kuchokera pa foni yanu mpaka pa ya mnzanuyo. Foni ya m'manja yopatsidwa ndi kampani yokha muione ngati ya pa desiki ija, ngakhale mumagona nayo kumutu.

Pakadali pano, muuzeni mkulu wanu aziimba pa nambala yanu, ndipo muzikayankhira panja. Ngati kuchipatala munasiyako nambala ya ofesi kuti akupezeni msanga, kaisintheni mawa lomwe.