Chotupa mu ubongo wa mayi anga: opaleshoni kapena makina owotcha?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Ndaifupikitsa, dzina ndachotsa. Akuti:

"Mayi anga ali ndi zaka 58. Chaka chatha chonse ankadandaula mutu, kenako mwendo wakumanzere unayamba kukoka, ndipo mwezi watha anagwa ngati a khunyu. Atawaunika ndi makina ojambula m'kati mwa mutu a MRI, adokotala akuti ali ndi chotupa chotchedwa meningioma cha masentimita 4.5, ndiye akufuna kuwachita opaleshoni. Mlongo wanga wa ku Joni akuti kumeneko kuli makina otchedwa Gamma Knife omwe amawotcha chotupa osang'amba mutu. Abale akuti tigulitse malo tiwatumize. Tilolerenji kuti awatsegule mutu pomwe njira ina ilipo?"

Achemwali, malowo musagulitse kaye. Mlongo wanuyo sakunama, makinawo alipodi ku Johannesburg, ku India nawonso alipo, ndipo amagwira ntchito yabwino. Koma chotupa cha msinkhu umenewu, chomwe chayamba kale kufooketsa mwendo, n'kutheka kwambiri kuti madokotala a makinawo atangoona zithunzi adzakuuzani zomwe mwamva kale kuno: kuti chiyenera kuchotsedwa.

Meningioma simera mu ubongo mwenimweni ayi. Imamera pa nembanemba yomwe imakuta ubongo, n'kumakula pang'onopang'ono, mwina kwa zaka zambiri, ikukankhira ubongo kumbali. Dzinali analipereka ndi dokotala wa ku America, Harvey Cushing, mu 1922. Mwa zotupa zoyambira m'mutu momwemo, imeneyi ndiyo imapezeka kwambiri, makamaka kwa amayi a msinkhu ngati wa mayi anuwo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika ma meningioma m'magulu atatu, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala a gulu loyamba, omwe si khansa. Vuto lake n'loti chigaza sichitanuka. Chinthu chikamakula m'menemo, wopsinjika ndi ubongo. Mbali yoyendetsa mwendo wakumanzere ili pamwamba pa mutu chakumanja, choncho sindingadabwe mutandiuza kuti chotupacho chili chakumeneko.

Gamma Knife inachokera ku Sweden. Dokotala wa maopaleshoni a ubongo, Lars Leksell, analemba za njirayi mu 1951, ndipo makina oyamba anaikidwa m'chipatala china cha mu mzinda wa Stockholm mu 1968. M'kati mwake muli tizidutswa ta chitsulo chotchedwa cobalt-60 totulutsa cheza. Makina akale anali ndi tizidutswa 201, atsopano ali ndi 192. Cheza chochokera pa kachidutswa kamodzi n'chofooka, chimadutsa mu ubongo osawononga kwenikweni, koma zonse zimakakumana pa malo amodzi, ndiye pamenepo mphamvu yake imakhala yoopsa. Amene munasewerapo ndi galasi lokuzira zinthu padzuwa mukudziwa mmene pepala limapsera pa kadontho kamodzi pomwe ponseponse pali bwinobwino. Mutu amaugwira ndi chitsulo chomangirira kapena chigoba cha kumaso kuti usasunthe, wodwala amakhala ali maso, ndipo ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Palinso CyberKnife, yomwe John Adler anaikonza ku Stanford n'kuyamba kuthandizira odwala mu 1994, komanso makina ena a radiotherapy (chithandizo chowotcha zotupa ndi cheza) omwe amatha kulunjika chimodzimodzi.

Pomwe anthu ambiri amasokonezekera ndi apa: makinawa sachotsa chotupa. Wodwala akamatuluka m'chipindamo, chotupa chimakhala chili pomwepo, msinkhu womwewo. Chimene chachitika n'choti maselo ake awonongeka moti sangapitirize kugawikana, ndipo timitsempha ta magazi todyetsa chotupacho timatsekeka pang'onopang'ono. Chimaleka kukula, mwina n'kufota pang'ono pakapita miyezi kapena zaka. Kwa munthu yemwe kachotupa kake n'kakang'ono ndipo sikakumuvuta kwenikweni, zimenezi n'zokwanira. Kwa mayi anu, omwe mwendo ukufooka chifukwa ubongo wapanikizika lero lino, kuletsa chotupa kukula sikuchotsa kupanikizikako.

Ndiye pali nkhani ya kukula. Kawirikawiri madokotala amaika malire pa masentimita atatu akamawotcha kamodzi kokha. Mwina mukuti 3 ndi 4.5 sizikutalikirana, koma chotupa n'chobulungira. Cha masentimita 3 chimadzaza malo okwana mamililita pafupifupi 14, pomwe cha 4.5 chimafika pafupifupi 48. Ndi kuposa katatu kumeneko. Chikakula chonchi, ubongo wabwinobwino wozungulira umalandira nawo cheza chambiri, umatupa, ndipo mbali ina imatha kufa pakapita miyezi. Munthu yemwe m'mutu mwake malo atha kale, kutupa kowonjezerako kungamugwetse m'mavuto oposa omwe anapita nawo.

Komwe makinawa amaposa mpeni ndi pa tizotupa ting'onoting'ono tokhala malo ovuta kufika: pansi pa ubongo, pafupi ndi mitsempha yoyendetsa diso, kapena kachotupa ka pa mtsempha wa khutu kotchedwa vestibular schwannoma, komwe oposa 9 mwa odwala 10 alionse kamaleka kukula. Amathandizanso kwambiri khansa ya m'mapapo kapena ya m'mawere ikafalikira mu ubongo n'kuchita timibulu tingapo. Pa khansa yoopsa ya ubongo yotchedwa glioblastoma sathandiza kwenikweni, chifukwa iyo ilibe malire ooneka. Imeneyo amaichita opaleshoni, kenako radiotherapy ya masabata 6 pamodzi ndi mankhwala a temozolomide.

Mantha anu pa opaleshoni ndikuwamvetsa. Kwathu kuno mawu oti "amutsegula mutu" amamveka ngati uthenga wa maliro. Koma ntchitoyi si ya dzulo. William Macewen anachotsa chotupa chamtunduwu ku Glasgow mu 1879, wodwalayo n'kuchira, kulibe MRI, kulibe maikulosikopu ya m'fiyeta. Masiku ano wodwala amagonekedwa tulo, amameta malo ofunikawo, amadula kachigamba ka fupa n'kukaika pambali, kenako amayamba kudula mitsempha yodyetsa chotupa, kuchikumba m'kati kuti chiphwe, n'kumachisenda pang'onopang'ono kuchoka pa ubongo. Akamaliza amabwezeretsa fupa lija. Zimatenga maola angapo. Ubwino wa meningioma ndi womwe ndatchula uja: imakankha ubongo, nthawi zambiri siilowerera, choncho pamakhala malire oti dokotala awatsate.

Zoopsa zilipo ndipo adokotala akuuzeni mosabisa. Meningioma imakhala ndi magazi ambiri, ndiye funsani msanga ngati abale akufunika kukapereka magazi. Bala limatha kulowa matenda, ubongo umatha kutupa, mwendo umatha kufookeratu kwa kanthawi usanayambe kubwerera, ndipo kwa ena subwerera wonse. Imfa nayo imachitika, ngakhale si kawirikawiri. Kuzengereza nakonso kuli ndi mtengo wake: mitsempha ikapsinjika nthawi yaitali, ngakhale chotupa chichotsedwe, mphamvu sizibwerera bwino.

Opaleshoni ilinso ndi phindu lina lomwe makina sangapereke. Chomwe chachotsedwacho chimapita ku labotale, ndipo kumeneko ndi komwe amatsimikiza mtundu ndi gulu lake. MRI imalosera bwino ndithu, makamaka akabaya mankhwala oonetsa chotupa, koma chithunzi sichinena motsimikiza ngati ndi gulu loyamba kapena lachiwiri, pomwe la chiwirilo limakonda kubwereranso. Apa ndipatukeko pang'ono chifukwa cha owerenga ena. Kuno kwathu si chilichonse chooneka pa sikani chomwe chili chotupa. TB imatha kuumba mbulu mu ubongo. Anthu omwe chitetezo chawo chatsika ndi HIV amadwala nthenda yoyamba ndi tizilombo yotchedwa toxoplasmosis, yomwe imaoneka ngati zotupa zingapo. Mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, munthu akawameza m'chakudya kapena m'madzi oipitsidwa, amatha kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Zonsezi nthawi zambiri zimamva mankhwala, n'chifukwa chake dokotala akapempha kuyeza magazi kapena kujambula chifuwa asanakambe za fiyeta, sikuti akukutayitsani nthawi.

Tibwerere kwa mayi anu. Ngati chotupacho chilidi pamwamba pa mutu, pafupi pake pamadutsa mtsempha waukulu wotulutsa magazi mu ubongo. Chotupa chikamatirira pamenepo, dokotala wanzeru amasiya kachidutswa kusiyana n'kung'amba mtsemphawo. Kachidutswa kotsalako, kakhale ka sentimita imodzi kapena awiri, ndiko kamayenerana ndi Gamma Knife. Choncho ulendo wa ku Joni ukhoza kudzafunikabe, koma pambuyo pa opaleshoni, MRI ina itaonetsa chomwe chatsala ndiponso labotale itanena gulu lake. Ena kachidutswako amangokayang'anira ndi sikani chaka ndi chaka ndipo sikakula. Ndalama zomwe mukufuna kuthamangira nazo lero, mwina zidzafunika nthawi imeneyo.

Mukapitanso kuchipatala, musangogwedeza mutu n'kutuluka. Afunseni adokotala kuti chotupacho chili pati penipeni, ngati akuona kuti chichoka chonse, kuti iwo amachita maopaleshoni otere kangati, ngati bedi la ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, lidzakhalapo tsikulo, ndiponso kuti zotsatira za ku labotale zidzatenga nthawi yotani. Kufunsa si mwano. Ngati mtima sukukhazikikabe, pemphani zithunzi zonse za MRI pa CD kapena pa fulashi, osati lipoti lokha kapena zojambula pa foni, ndipo mlongo wanu akazipereke kwa madokotala a Gamma Knife konko. Iwo amatha kunena ngati wodwala ndi woyenera poona zithunzi, mayi asanakwere n'komwe basi. Kufunsako kungafune ndalama, koma n'kochepa poyerekeza ndi ulendo wonse.

Podikira tsiku la opaleshoni, mankhwala a khunyu asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo mayi asamaphike pamoto kapena kutunga madzi pachitsime okha. Ngati anawapatsa dexamethasone wochepetsa kutupa, mudzaona akupeza bwino msanga, mwina mwendo n'kuyamba kupondako. Sikuti chotupa chasungunuka, kwatsika ndi kutupa kokha. Mankhwalawa amakweza shuga ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, choncho shuga aziyezedwa. Akayamba kusanza mobwerezabwereza, kugona kovuta kudzutsa, kusokonezeka nzeru, kapena khunyu likapitirira mphindi 5, musadikire tsiku lomwe anakulemberani, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo ndi mapepala awo onse.