Pitani ku internship ya boma, koma musakapite kukakhala pa benchi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli chaka chomaliza ku Bunda, mukumva anzanu akukamba za internship ya boma, ndipo mwasowa chogwira: kodi muidikirire, kapena mukangolemba mayeso omaliza mubwerere kumudzi mukayambe kuweta nkhuku? Ine ndinadutsamo, ndiye ndikuuzani mmene ndinazionera.

Tiyambe talekanitsa zinthu, poti ambiri amazisakaniza. Attachment imene mumapita mudakali pasukulu ndi gawo la maphunziro anu, ndipo malo ambiri sakupatsani kanthu. Ndalama za ku Loans Board nazonso ndi ngongole, mudzabweza. Internship imene mukufunsayi ndi ina, ndi ya anthu amene amaliza kale, ndipo imadzera ku Unduna wa Zantchito. Inayamba mu 2018, a Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma, ndipo mapulani anali otenga achinyamata 5,000, aliyense azilandira K80,000 pamwezi. Amakutumizani ku maunduna, ku makhonsolo ndi ku nthambi zina za boma.

Yankho langa ndi loti lembetsani. Koma musalembetse chifukwa cha ndalama. Ngakhale nthawi imeneyo K80,000 ija ukachotsapo lendi, minibasi ndi ufa, chotsala sichimafika pa tsiku la 20 la mwezi. Kuchokera apo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye ndalama iliyonse imene angalembe pa chilengezo cha chaka chanu muyiyeze ndi mtengo wa thumba la makala kaye musanasangalale. Kumene ndinali ine inkathanso kuchedwa. Mwezi wina ndinadya pangongole kwa mayi wina wogulitsa nsima kuseri kwa msika, dzina langa lili m'kope lawo lonyowa ndi msuzi, ndipo eni nyumba ndinkawazemba potuluka kusanache. Nchifukwa chake ngati atakupatsani mpata wosankha boma, tchulani kumene kuli wachibale woti mukhoza kugona kwawo. Musathamangire Lilongwe chifukwa cha dzina la Capital Hill. Ku khonsolo ya kwanu mumadya kunyumba, ndipo kwa munthu wa zaulimi ngati inu, ntchito yeniyeni ili komweko, kwa alangizi ndi alimi.

Tsopano chimene ndikufuna muchigwiritse. Tsiku loyamba ndinafika nditavala suti yobwereka, ndinapeza palibe tebulo, palibe kompyuta, ndipo bwana amene ndimayenera kuonana nawo anali ku msonkhano. Masabata awiri ndinakhala pa benchi ya pakhonde, ntchito yanga kunyamula mafayelo kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo. Anzanga ena anazolowera zomwezo mpaka kumaliza: kusaina m'buku m'mawa, kucheza pa foni, kuweruka. Palibe amene amakuthamangitsa, komanso palibe amene amakufunafuna. Ine zinasintha tsiku limene ndinalimba mtima ndi kupempha bambo wina wachikulire wa mu ofesimo kuti anditenge popita kumidzi. Anandiyang'ana nsapato, nati mawa ndibwere ndi zina. Kuyambira pamenepo ndinkakwera kumbuyo kwa njinga yamoto yawo, fumbi mpaka m'makutu, ndikulemba mayina a alimi pansi pa mtengo wa mango, madzulo ndikukalowetsa mu Excel. Patapita miyezi itatu malipoti a pamwezi ndinkalemba ndine, iwo nkumangosaina. Pa intavyu imene inandipatsa ntchito imene ndili nayo lero sanandifunse za magiredi ayi. Anandifunsa kuti ndinalembapo lipoti lanji, ndipo ndinali ndi choyankha.

Ndiye mukafika, funsani sabata yoyamba yomweyo kuti okuyang'anirani ndi ndani. Pemphani kulemba maminitsi pa misonkhano, poti ntchito imeneyo ambiri amaithawa koma ndi imene imakudziwitsani mmene boma limayendera komanso amene amapanga ziganizo. Khalani ndi kope lanulanu lolembamo zimene mwachita tsiku lililonse, chifukwa pakatha chaka mudzaiwala. Ndipo poti ndinu mtsikana ndinene poyera: akapezeka bwana wokuuzani kuti kukulembani ntchito yokhazikika kuli m'manja mwake bola muzionana kumbali, ameneyo ndi wabodza. Internship si lonjezo la ntchito, ndipo ntchito za boma zimalengezedwa poyera, anthu nkuchita intavyu. Muuzeni munthu wamkulu amene mumamukhulupirira msanga.

Za kalembera sizovuta. Khalani ndi chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki ya dzina lanu, CV, ndi satifiketi kapena transcript ngati mwambo wa graduation sunachitike. Tsatirani zilengezo za undunawo m'nyuzipepala ndi pa tsamba lawo la Facebook, kapena kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Munthu akakuimbirani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lituluke, dulani foni.

Nkhuku zija musazitaye. Pakati pa kumaliza sukulu ndi kutuluka kwa mayina pamatha kudutsa miyezi yambiri, ndipo kukhala chete pakhomo kumadwalitsa mtima. Yambani ndi anapiye ochepa oti mng'ono wanu kapena amayi akhoza kuwasamala inu mukapita, kuti mwezi umene alawansi yachedwa mugulitse ziwiri zitatu mupeze ya minibasi.

Chinthu chimodzi chimene ine ndinalakwitsa: ndinachoka osatenga kalata yondichitira umboni. Nditabwerera patapita miyezi isanu ndi umodzi, bambo aja anali atapuma pantchito, ndipo amene analowa m'malo mwawo sankandidziwa nkomwe. Zinanditengera maulendo atatu kuti ndiipeze. Inu mudzaipemphe kutatsala mwezi kuti mumalize, ikhale pa pepala la ofesi, yodindidwa, ndipo itchule ntchito zimene munagwira, osangoti munali ndi khalidwe labwino.