Achemwali, filimu ya Kamkwamba aonetseni ndithu

Halo achemwali, mwaswera bwanji ku Leeds kumeneko? Pepani ndachedwa, voisi yanu ndinaimvera ndili m'minibasi, phokoso lokhalokha, ndiye ndinati ndiyankhe ndikafika pakhomo. Mwati ana ayamba kukuyankhani m'Chingerezi mukawalankhula Chichewa, ndiye mnzanu wina wakuuzani kuti muwaonetse filimu ya William Kamkwamba ija ya pa Netflix, The Boy Who Harnessed the Wind, kuti mwina lilime lingabwerere. Mukufuna mumve kwa ine ngati ili bwino.

Eee, ili bwino, aonetseni. Ine ndaionera kawiri. Koma ngati mukufuna kuti aphunzirepo Chichewa, aaa, pamenepo ndiye ayi.

Mukudziwa, amene akusewera ngati bambo ake a William ndi Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain konko, makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo ndi yemwenso anatsogolera filimu yonseyo. Mnyamata wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Wosewera ngati mayi ake a William ndi Aïssa Maïga, wa ku France. Anayesetsa anthu aja, tisawanyoze, Chichewa anachiloweza ndithu, koma mawu akukwera pomwe ife timatsitsa. Ine penapake ndinkachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa pansi chija kuti ndimve zomwe akunena m'chiyankhulo changa chomwe! Amayi ndinawaonetsako pafoni, anamvetsera pang'ono n'kundifunsa kuti, kodi awawa ndi a kuti? Akalankhula Lily Banda, woimba uja, amene akusewera ngati mlongo wake wa William, m'pamene khutu limapuma.

Chomwe ndikufuna ana aone n'china. Filimuyo inatuluka mu 2019 ndipo anaijambula konkuno, ku Kasungu, dera la Wimbe kwawo kwa Kamkwamba. Dothi lofiira lija, minda ya fodya, ngakhale gule wamkulu alimo. Nkhani yake ndi ya njala ya 2001 mpaka 2002. Inu muikumbukira kuposa ine, munali wamkulu kale. Nthawi imene tinkadya kamodzi patsiku, madzulo okha, nsima ya gaga, inu n'kumanama kuti mwakhuta kuti ine nditsirize. Ana anuwo sadziwa zimenezo, akuona ngati chakudya chimamera mu fuliji. Pali pomwe anthu akukanganirana chimanga pamalo ogulitsira a boma, mnyamatayo ali pakati pa chipiringu ndi kathumba kake. Ine pamenepo ndinaimitsa kaye, ndinatuluka panja.

William anachotsedwa sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi, ali ndi zaka 14. Ndiye anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono, n'kupezako buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi sankachidziwa bwino, ankangotsatira zithunzi. Anatola fani ya thirakitala yakutha, mapaipi apulasitiki, njinga ya bambo ake, dayinamo ija yoyatsira nyale ya njinga, n'kuimika pamitengo ya bulugama. Anthu m'mudzi ankati wapenga. Kwa wamkulu wanuyo, amene amakonda kumasula zoseweretsa mpaka kuziwononga, pamenepa ndiye pake penipeni.

Koma muwauze kuti filimu yawonjezera mchere. Mmenemo akuonetsa ngati makinawo anangoimika n'kuyamba kupopa madzi, mbewu n'kumera, mudzi n'kupulumuka. Zoona zake, oyambawo ankangoyatsa mababu m'nyumba ndi kuliza wailesi. Zopopa madzi zinabwera pambuyo, atadziwika kale, atakalankhula kumsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. N'chifukwa chake ine ndimakonda buku lake kuposa filimu, lija analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Lilipo lina lofupikitsidwa la ana asukulu, komanso la zithunzi la tiana. Kafunseni ku laibulale ya kwanuko musanawononge ndalama. Ndipo wamkuluyo mumuuze kuti mnyamata wothamangitsidwa fizi ameneyu anakamaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014.

O, ndisanaiwale, kamng'onoko musakasiye kokha. Muli maliro, muli pomwe mfumu ikumenyedwa itadandaula za njala pamsonkhano wa pulezidenti, komanso galu wa William, Khamba, amafa. Za galuzo ndikudziwa kuti kulira kudzakhalako, poti ana a kumeneko galu amagona naye pabedi. Ndi ya maola pafupifupi awiri, muidule pawiri ngati atopa.

Tsono za Chichewazo. Za ma apu musavutike nazo kwambiri. Duolingo ndinaitsegula, Chiswahili chilimo, Chizulu chilimo, Chichewa sindinachipeze. Google Translate Chichewa ili nacho, imathandiza pa liwu limodzilimodzi, koma muipatse mwambi muone zomwe ikubwezereni, mungaseke mpaka nthiti kuwawa. Bola sakani Izeki ndi Jakobo pa YouTube, kapena Tikuferanji ya Manganya ija, ngakhale imeneyi muyambe mwaionera nokha chifukwa nkhani zake zambiri n'za akuluakulu. Apo ndiye Chichewa cha pamsika, chokalipa, choseka, osati choloweza. Ndipo mukamaphika muzitsegula Zodiak pa intaneti, izingolira, ngakhale akuoneka ngati sakumvetsera.

Koma chachikulu, achemwali, amayi alipo apa, nthano zadzaza m'mutu, ya kalulu ndi njovu, ya fisi, zonse zija ankatiuza. Ine Loweruka ndikupita kumudzi, ndikawajambula voisi, nthano imodzi sabata iliyonse, n'kumaponya m'gulu muno. Ana aziyankha ndi voisi yawonso, ngakhale kungoti tili tonse, kapena zikomo agogo. Akalakwitsa musawaseke, ndipo izi ndikuuza onse m'gulu muno, makamaka asuweni ena amene sindiwatchula dzina. Mungondithandiza ya bandulo, chifukwa amayi akayamba padangotero samaliza msanga.

Basi, batire yatsala pang'ono. Mupereke moni kwa alamu, ndipo muwauze anawo kuti amalume akudikira kumva kuti dayinamo imagwira bwanji ntchito, m'Chichewa.